Mpando wa a Dalaivala

Lolemba, 4 Malichi

Akuluakulu a chipatala akutsimikizira odwala impso onse kuti ntchito yokonza makina osefa magazi imene yayamba sabata ino sichititsa munthu ngakhale mmodzi kuphonya tsiku lake. Aliyense azilandira chithandizo monga mwa nthawi zonse. Mawu amenewa anabwera nawo okha bwana wa ku ofesi, atamanga taye, ataima pakhomo pa wodi ngati impso n'zopatsirana. Anawanena kawiri. Atangochoka, amuna awiri a maovolosi anakankha makina a pawindo ndi a pafupi ndi sinki n'kutuluka nawo. Atsala sikisi. Ife a m'mawa tilipo eyiti.

Ndiye kuti awiri azidikira pabenchi kuti ena atsike, ndipo maola atidula, anayi aja tsopano atatu. A Sisita akuti n'zakanthawi.

A Hedi anawerenga monga mwa masiku onse. Ndilembe za bukuli, poti mwana wanga akuti ndizilemba zinthu m'malo momangoyang'ana khoma. Kanema wa m'wodi mwathu anafa zaka ziwiri zapitazo ndipo mpaka lero ali pakhoma pomwepo, wakuda bii. A Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, anayamba kubwera ndi mabuku amene mwana wawo amawatumizira, zimabuku zonenepa ngati njerwa, za zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, mafumu a maiko akutali, nkhondo za kumene kulibe pansi kulibe pamwamba. Mkono wamanzere uli ndi masingano, wamanja wagwira buku. Amawerenga ndime ya chizungu chamumtima, kenaka n'kutiuza m'chiyankhulo chathu, kaputeni mawu aakulu, akazi mawu aang'ono. Akafika pamene mwamuna ndi mkazi atsala awiri m'chipinda amati, "Apa anakambirana za banja," n'kutembenuza masamba atatu.

Otsatira nkhani kwenikweni tilipo anayi: iwowo, Mayi Telala, a Dalaivala ndi ine. Anayi enawo amati amagona.

Lamulo lathu ndi limodzi. Mmodzi wa ife akasowa, buku silitsegulidwa. Linayamba tsiku limene Mayi Telala anapita ku maliro ife n'kuwerenga za ukwati wa mfumukazi. Sanatiyankhule mwezi wathunthu. Timapitiriza pokhapokha titamva kuti wosowayo wamwalira. Poyamba tinali sikisi.

Mayina a olemba mabukuwa amatipinda lilime, choncho timawatchula potengera zithunzi zawo za kuchikuto. Wandevu tinamumaliza, mabuku naini. Pano tili ndi Wamagalasi, mlembi wamkazi. Chombo chake chanyamula anthu zikwizikwi kupita ku dziko limene adzafikeko ndi adzukulu awo, ndipo makina oyeretsa mpweya ayamba kufa. Pansi penipeni pa chombo pali mayi wokonza mapaipi ndi kamwana kake kodwala chifuwa, ndiye amene tonse timamukonda. Lero chaputala chatha akuluakulu a chombo akulowa m'chipinda kukakambirana za mpweya, n'kutseka chitseko.

Palibe anayang'ana kumene kunali makina awiri aja. Pansi patsala malo awiri oyera kuposa simenti ina yonse.

Lachitatu, 6 Malichi

Chitseko chija sichinatsegulidwe. Wamagalasi watibweza m'mbuyo kukaona agogo ake a kaputeni akudzala nyemba m'chombo. Chaputala chonse nyemba.

A Dalaivala anali pabenchi ndi ine, choncho anali ndi manja onse awiri oyankhulira. Akuti mayi wolemba bukuyu sanayendetsepo ngakhale wilibala. Akuti chombo changoyandama chiyambire, anthu kumangoitanizana misonkhano ngati a komiti ya ku tchalitchi. Kwa Wandevu pofika tsamba lachitatu dziko limakhala litaphulika kale, ndipo woipa umamudziwa poti amavala zakuda.

Mayi Telala, ali chigonere ndi machubu awo, anati anthu a Wandevu sadya, sachapa, sapita kuchimbudzi, ndipo akazi ake ntchito yawo n'kukuwa ndi kung'ambikiridwa madiresi. Anati iwo monga telala amadabwa kuti madiresi onsewo amasoka ndani.

"Alamu, inu mumakonda mabuku okulizani," anatero a Dalaivala. Palibe chibale chilichonse, ulamuwu unayambira pa makina.

"Ndimakonda munthu wosandinamiza kuti nsalu ikwana."

Anaitanitsa buku kuti aonenso chithunzi. Mayi Telala akuti tayang'anani maso akewo, uyu anadwazikapo munthu mpaka kumuika m'manda. A Dalaivala akuti maso amenewo ndi a munthu wotopa ndi kusambira m'damu la kuseri kwa nyumba yake. A Hedi, amene safuna kukhala mbali ya wina, anati olemba a masiku ano onse ali ndi vuto limodzi: sadziwa kumaliza. Buku limodzi limabala lina, linalo limabala atatu, munthu ungathe kufa nkhani ili pakati. Atanena choncho anakhosomola n'kufunsa nthawi.

Anandifunsa ine. Ndinati Wandevu ndi wabodza amene amakukonda, Wamagalasi ndi wachilungamo amene sakudziwa n'komwe. Ndinagwira ntchito yowerenga mamita a madzi moyo wanga wonse, n'chifukwa chake muno amanditcha a Mamita, ndipo m'chombo cha mayiyu wa kumtunda akatsegula mpopi, wa pansi amauma kukhosi. Zimenezo ndinaziona ndi maso, popanda kupita ku nyenyezi. Wandevu mafuta samuthera. A Dalaivala anati n'chifukwa chake amamukonda, poti iwo anawathera kambirimbiri, pakati pa tchire, ndi katundu wa eni. Anawonjeza kuti munthu amene anawadulapo madzi kunyumba kwawo sangakhale ndi mtima womvetsa Wandevu. N'zoona, ndinawadulapo, kalekale tisanadziwane. Sadzaiwala.

Kunyumba ludzu. Madzi amene amandiloleza patsiku ndawamaliza dzuwa lisanapendeke.

Lachisanu, 8 Malichi

Sitinawerenge. Poti maola achepa, makina akuwathamangitsa kuti akoke madzi omwe aja, ndipo a Hedi bipi inagwa, anachita kuwatsitsa mutu n'kuwakweza miyendo. Buku linagwera pansi. A Sisita analitola n'kuliika pa kabati, kudabwa kulemera kwake.

A Dalaivala anatseka mpatawo ndi za Wandevu, za pamtima. Anasimba za bokosi lija la m'buku lachinayi: msilikali akaomberedwa pamimba amamugoneka m'menemo, m'mawa akutuluka ali ndi chiwindi chatsopano, akufunsa chakudya. Anasimba bwino, ndi phokoso la chivundikiro lomwe. Atamaliza palibe anaseka. Mmodzi wa ogona aja, mdala wa chipewa chaubweya, anafunsa osatsegula maso ngati bokosilo limapanganso impso. A Dalaivala anati limapanga, koma pamafunika chilolezo cha ku ofesi. Apo ndiye tinaseka, mpaka belu la makina a Mayi Telala linalira.

Pa sikelo a Sisita anawayamikira. Akuti a Dalaivala ndi chitsulo, sadzaza madzi ngati enafe, thupi lawo likudzithandizabe. Anatuluka akuyenda ngati apambana mpikisano.

Loweruka, 9 Malichi

Mwana wanga anabwera kudzandichapira. Anandionetsa pafoni pake malo amene anthu a maiko ena amalembapo maganizo awo pa mabuku, n'kumapereka nyenyezi, imodzi mpaka zisanu. Wamagalasi akumukanganirana koopsa. Wina wapereka imodzi, akuti iye amawerenga kuti apume, osati adwale mtima. Wina akuti mayiyu agule galu, mwina angayambe kusangalala. Wina walemba chinkhani chachitali kutsimikiza kuti injini ya chombocho singayake, ndipo anthu amuyankha mpaka kutukwanizana ndi masamu. Wina akuti Wandevu ndi wa ana asukulu ndi amuna osudzulidwa. Izi ndikawauza a Dalaivala. Ambiri akudzitama kuti analimaliza tsiku limodzi, osaliika pansi. Anthu a impso zawo.

Ife tili nalo mwezi wachitatu ndipo pakati sitinafike.

Mwana wanga anayamba kuwerenga wina amene akuti sadzamukhululukira mlembi pa zimene anachita kwa... ndinamulanda foni. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinati iwe, chitseko sichinatsegulidwe.

"Ababa, ndi nkhani yongopeka."

Ndinamuuza achepetse mchere.

Lolemba, 11 Malichi

A Dalaivala kulibe. Mdala wa chipewa nayenso kulibe. Pabenchi palibe wodikira, anthu sikisi pa makina sikisi, zonse zalongosoka. A Sisita anati awiriwo awasamutsira ku gulu la masana kuti tisamapanikizane. Ananena akuyang'ana chubu changa.

Buku lotseka. A Hedi anangoligoneka pachifuwa.

Maola atatu opanda buku ndi aatali kuposa anayi okhala ndi buku. Umamva zonse, pampu, mpopi wa pa sinki umene sutsekeka, nsapato za anamwino. Magazi ako ukuwaona, akutuluka, akuzungulira, akubwerera. Mayi Telala anayesa kunyoza Wandevu koma panalibe womuikira kumbuyo. Ndinayesa ine, sizinakome. Anati ndikumuteteza ngati munthu wochita kutumidwa.

Lachitatu, 13 Malichi

Chimodzimodzi. Minofu ya m'miyendo inakokana mpaka ndinaluma pilo.

A Hedi ayamba kuyankhula zamalamulo. Akuti zaka zonse zimene anayendetsa sukulu, mwana wosamutsidwa sankamutenga ngati wojomba. Kujomba n'kwina, kusamuka n'kwina. Lamulo lathu likunena za wosowa, koma a Dalaivala sanasowe, tikudziwa kumene ali, ali masana. Mayi Telala anati lamulolo silinachokere kusukulu, linachokera mu mkwiyo wawo, ndipo odziwa tanthauzo lake ndi iwo. A Hedi anati angathe kumawasiyira buku a masanawo. Mayi Telala anawafunsa kuti aziwawerengera ndani.

Ndaona chala cha a Hedi chili m'kati mwa buku, kutsogolo kwa kakhadi kamene timaika pamene talekezera. Sindikunena kuti awerenga. Ndikunena pamene panali chala.

Nambala ya foni ya a Dalaivala palibe ali nayo. Zaka ziwiri tikugona moyandikana, kulemera kwawo ndikukudziwa, mtundu wa magazi awo ndikuudziwa, nambala ayi. Munthu woonana naye katatu pa sabata, ya chiyani.

Lachisanu, 15 Malichi

Tavota. Anayambitsa ndi mmodzi wa ogona aja, mayi wa ku banki, amene chiyambire sanayankhulepo za buku. Anati iye sangafe asanadziwe zimene akukambirana kuseri kwa chitseko chija, ndipo a Dalaivala ngati ali masana ali bwino kuposa ife, akumadzuka dzuwa litakwera. A Hedi anati ovomera akweze mkono umene ulibe singano. Unakwera wa mayiyo, wa a Hedi, ya ogona awiri otsalawo. Wanga unachedwa koma unakwera. Mayi Telala anayang'ana kudenga. Patapita kanthawi anati, "Werengani, koma motsitsa."

Chitseko chatsegulidwa. Akuluakulu a chombo sanagwirizane kanthu, aimitsa msonkhano, adzakumananso. Kenaka nkhani inathamanga: chombo chachilendo chaoneka kutsogolo, kaputeni wamenyana ndi wachiwiri wake, mizinga, moto, zonse zimene a Dalaivala akhala akulirira. A Hedi anawerenga osapuma, mawu awo abwerera, za motsitsa zija anaziiwala. Ngakhale a Sisita anaima ndi thireyi m'manja kumvetsera. Kunena zoona, linali tsiku lokoma. Masingano akuchotsedwa sindinawamve n'komwe.

Lamlungu, 17 Malichi

Tsiku lonse ndikuganiza za chombo chachilendo chija. Bwanji sichikuyankha?

Lolemba, 18 Malichi

Nkhondo ikupitirira kumtunda kwa chombo. Tili m'kati mwake, Mayi Telala anaimitsa a Hedi.

"Nanga mayi wa mapaipi uja ali kuti?"

Tinayang'anana. A Hedi anabwerera m'mbuyo, kunyowetsa chala, kubwereranso. Chitsekulire chitseko chija mayiyo sanatchulidweponso, kamwana kake ayi, aliyense wa pansi ayi. Anasuzumira kutsogolo, ife osawaletsa. Kenaka anati zikuoneka kuti mlembi wawaiwala, mabuku aakulu chonchi zimachitika, anthu amachuluka. Mayi wa ku banki anati umenewo ndi ulesi, Wandevu sakanatero, iye akamapha munthu amamupatsa kaye mawu omaliza ndi malipenga. Mayi Telala anati Wamagalasi saiwala ngakhale batani. Anati mayiyu anangosiya kulemba za iwo kuti aone ngati ife tifunse, ndipo taonani tafunsa liti.

A Hedi anati zimenezo si ulembi, ndi nkhanza. Koma anapitiriza kuwerenga.

Mwana wanga anachedwa kudzanditenga, ndiye ndinakhala pabenchi ya panja. Ndinati bola, ndiwaona a Dalaivala akamabwera, ndiwauze za amuna osudzulidwa zija. Dzuwa linapendeka. A Sisita anatuluka ndi chikwama chawo n'kundidutsa mwachangu. Kunabwera mayi wokolopa, anakolopa, anazimitsa magetsi, anakhoma chitseko. Ndinamufunsa kuti a masana amayamba nthawi yanji. Anandifunsa kuti a masana ake ati. Akuti masana kuno kumakhala iye ndi chidebe chake basi.

Lachiwiri, 19 Malichi

Nyumba ya a Dalaivala ndinaikumbuka. Kuseri kwa malo omatira matayala, geti la malata, mita kumanzere yophimbidwa ndi njerwa. Anatsegula akazi awo. Nditati ndine wa ku makina nkhope yawo inawala, kuganiza kuti ndatumidwa. Ndinachita kufotokoza kawiri.

Ali pampando pabalaza, poti akagona chagada mpweya umawathawa. Akugona chokhala. Miyendo ngati mapilo, yonyezimira, nkhope yadzaza mpaka maso achepa. Patebulo kakapu, pansi beseni, ndi foni ili pa tchaja, aikweza mawu mpaka kumapeto. A chipatala anawauza Lachisanu lija m'khonde, atangochoka pa sikelo: Lolemba musavutike kubwera, tikukonza gulu la masana, tikuimbirani foni. Akazi awo apitako kawiri, ku ofesi awauza kuti adikire foni. Anakafunsanso ku chipatala cholipira, mtengo wake anangoumva n'kubwerako.

Akuyankhula mawu atatu n'kupuma. Koma pakamwa m'pomwe paja.

"A Mamita, mwabwera kudzadulanso? Dulani a m'miyendomu."

Ndinawauza za amuna osudzulidwa. Anaseka mpaka kutsokomola, akazi awo kuthamanga ndi beseni. Atapeza mpweya anati akanakhala kuti wolemba za iwo ndi Wandevu, bwenzi pano khoma ili litaphulika, atalowa asilikali ndi impso ziwiri, ina ya sipeya. Anafunsa za alamu awo, ngati akadali okwiya ndi madiresi. Anafunsa za bipi ya a Hedi. Kenaka anandiyang'ana.

"Buku mwatseka, eti?"

"Latsekedwa."

"Mayi Wamagalasi uja adikire. Ndikudziwa apha wa mapaipi. Ndikufuna ndidzakhalepo, ndidzamutukwane pamaso pa alamu."

Ndinati tidzamutukwana limodzi.

Akazi awo anandiperekeza mpaka pageti n'kundifunsa motsitsa ngati ife a m'mawa tikulowabe masiku onse. Ndinati eya. Anati, "Chabwino," n'kutseka geti bwinobwino.

Lachitatu, 20 Malichi

Ndawauza onse, masingano atangolowa kuti pasakhale wothawa. A Hedi anatsegula buku n'kubweza kakhadi kaja pamene kanali poyamba, pa chitseko, ngati zimenezo zingabweze kanthu. Mayi wa ku banki anati iye anangomva zimene tonse tinamva. N'zoona.

Mayi Telala anaitana a Sisita, osakweza mawu, n'kuwafunsa kuti a masana akupeza bwanji. A Sisita anaima nthawi yaitali akukonza pulasitala amene anali bwinobwino. Kenaka anati makina aja sanapite kokonzedwa, zipangizo zake kulibe, ali m'chipinda cha katundu aphimbidwa ndi nsalu. Kumwamba anawauza kuti ayambe ndi amene matupi awo angapirire, kwa sabata imodzi yokha. Akuti tsiku lililonse amakwera masitepe kukafunsa.

"Sindisankha ine, amayi."

Mayi Telala anati akudziwa, muno palibe amasankha, n'chimene chikuwaopsa. Kenaka anawerengera ngati akuyeza nsalu: tilipo sikisi, aliyense apereke theka la ola, akwana maola atatu, alamu awo alowe Lachisanu. Tonse tinavomera. A Sisita anati munthu aliyense amafuna sefa yakeyake yatsopano ndipo masefa amatuluka ku ofesi, koma akafunsa. Ine ndinavomera msanga kuposa onse. Ndinali nditadziwa kale kuti ziyenera kudzera kaye ku ofesi.

Makina a mayi wa ku banki analiza belu mobwerezabwereza lero. Wa ovolosi anabwera, anawamenya pambali ndi chikhatho, anakhala chete.

Lachinayi, 21 Malichi

Ndimafuna kupitanso. Thupi lakana. Mawa ndikatsika pa makina.

Lachisanu, 22 Malichi

A Dalaivala anamwalira dzulo masana, pampando womwe uja. Akazi awo anaimba ku wodi, a Sisita ndiwo atiuza. Yankho la kumwamba pa za theka la ola lija nalonso labwera: akuziganizira.

Mayi Telala anatembenukira kukhoma, mmene machubu anawalolera. Kenaka a Hedi anakonza kukhosi n'kunena kuti malinga ndi lamulo, tsopano tikhoza. Palibe anavomera, palibe anakana. Anachotsa kakhadi pa chitseko paja n'kupita nako pamene tinalekezeradi. Anawerenga. Mawu sanasinthe lero, kaputeni ndi akazi onse amayankhula ngati a Hedi. Ndinamvetsera. Sindinama, ndinamvetsera. Chombo chachilendo chija m'kati mwake mulibe munthu, magetsi ali chiyakire, ndipo ndikufuna kudziwa chifukwa chake.

Za mdala wa chipewa palibe wafunsa. Inenso ndangomukumbuka pano ndikulemba.

Makina a mayi wa ku banki anafa pakati pa ntchito, magazi ake anachita kumubwezera popukusa ndi manja. Awakankhira kunja. Atsala faifi.

Pa sikelo a Sisita anayang'ana nambala, anayang'ana ine. Anati masiku ano mukudzisamala bwino a Mamita, madzi sakuchuluka. Ndinaona kuti pakamwa pawalemera, ndiye ndinawathandiza.

"Mundiimbira foni?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

A Hedi anamva. Anandigwira dzanja n'kunena kuti buku alitseka mpaka nditabwera, ulendo uno zenizeni. Ndinati ayesetse mpaka Lachitatu. Mayi Telala anandifunsa nambala n'kuilemba pa pulasitala wa padzanja pawo. Anafunsanso za nyumba, kuti geti lake ndi lotani.

Loweruka, 23 Malichi

Awaika lero. Sindinapite, kuimirira nthawi yaitali sindingathe.

Lamlungu, 24 Malichi

Mwana wanga wapsa mtima, akuti mawa akalowa mu ofesimo ndipo satuluka mpaka amuyankhe. Ndamuuza apite, koma adye kaye. Anandibisira jagi ya madzi pamwamba pa kabati. Tinasuntha mpando wanga kuuika pafupi ndi soketi.

Pofuna kundiseketsa anandifunsa kuti ine Wamagalasi ndingamupatse nyenyezi zingati. Ndinati zisanu, koma asadzabwere kwathu.

Lolemba, 25 Malichi

Nsapato ya kumanzere yakana kulowa. Foni sinalire.

Lero ndi tsiku langa. Ndili kunyumba.